Zitini za kwa a Chakufwa Zitakhala Chete

Ntchito yoingitsa mbalame m'munda wa mpunga anthu amaiderera. Amati ndi ntchito yanji yongokuwa, pakuti ngakhale woledzera amakuwa popanda womulipira. Olankhula zoterezi sanakwerepo nsanja mwezi wa Epulo kudambo la kumunsi kwa Golomoti, dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kutauma gwa. Felesita anali atakwera nsanja zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mawu ake anali atasasa moti akwaya kutchalitchi anamupempha mwaulemu kuti azingowomba m'manja, kuimba asiyire ena.

Chaka chimenecho iye ndi amayi anzake asanu ankagwira ntchito kwa a Chakufwa, mkulu wina wa golosale ndi bala pa Golomoti, amene anabwereka ndime zambiri kudamboko n'kudzalamo Kilombero yekhayekha. Amayiwo anawokera mpungawo mu Januwale, ndipo analipidwa bwinobwino. Anauzulira mu Febuluwale ndi mu Malichi, koma osalandira kanthu. Mpunga utatulutsa ngala anawakweza pansanja, aliyense yake, n'kuwalonjeza kuti zonse adzalandirira pamodzi Loweruka. Maloweruka anadutsa atatu.

Kwa Felesita ndalamazo zinali ndi ntchito yake kale. Mwana wake Hope anali woyembekezera, ndipo masiku anali atatsala pang'ono. Pakati poyamba, zaka ziwiri m'mbuyomo, matenda anamuyambira kunyumba, anamukweza pangolo, ndipo khanda linabadwira panjira asanafike kuchipatala cha Mua. Silinalire. Felesita ndiye analikulunga m'chitenje chake, ndipo mpaka lero akamva kulira kwa matayala a ngolo mtima umamuwawa. Ulendo uno anamwino a kusikelo ananena mosapita m'mbali kuti Hope akakhale kuchidikiro, nyumba ija ya pachipatala imene amayi amadikirirako tsiku lawo. Koma kuchidikiro munthu sapita chimanjamanja. Pamafunika beseni, zitenje, pepala la pulasitiki, ufa ndi ndiwo za wodwala ndi womudikirira, osaiwala ndalama ya kabaza. Mwamuna wa Hope anali ku Joni, ndipo foni yake inkangoyankhidwa ndi mayi wa m'makina uja wonena kuti nambala sikupezeka.

Poyamba Felesita anadandaula kwa kapitawo, Alick, mphwawo wa a Chakufwa, amene ankabwera kumunda pa njinga yamoto atavala magalasi akuda.

"Ndawauza, mayi," Alick ankatero uku akupukuta magalasi ndi malaya. "Akuti mawa."

Mawa atachuluka, Felesita anayamba kupita yekha kugolosale akaweruka. Ankawapeza a Chakufwa kuseri kwa kauntala, foni ili kukhutu. Iye ankanjuta pambali pa matumba a mchere n'kudikira kuti amalize.

"Abwana, ndabwera ndi nkhani ya malipiro athu aja."

"Ndamva, amake Hope, ndamva," ankayankha motero, maso ali pa kasitomala wina.

Chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti bamboyo sankakalipa. Munthu wokalipa umamuyankha, mumakalipirana, anthu n'kubwera kudzaleretsa, nkhani n'kumveka. Koma a Chakufwa ankangovomera mofatsa ngati akumva mvula ikugwa padenga la mnzawo. Ulendo wachinayi Felesita anakweza maso n'kuona mabeseni ofiira ndi obiriwira akulendewera kudenga la golosaleyo. Anameza manyazi n'kupempha kuti ampatseko limodzi, adzadule pamalipiro. A Chakufwa anangoloza ndi cholembera kachikwangwani kamene kanakhomedwa pamwamba pa shelefu, kolembedwa kuti pano ngongole ayi.

Amayiwo atamva zimenezi anasonkha timakobiri tawo, Felesita n'kukwera minibasi kudzera msewu wokhotakhota wa m'phiri uja mpaka ku boma, ku ofesi ya zantchito. Kumeneko anamulandira bwino, anamufunsa mafunso, anamulembera kalata ya chidindo yoitana a Chakufwa kuti akaonekere pa 14 Meyi. Anabwerera kalata ili m'kamisolo, mtima uli m'malo koyamba m'masabata ambiri. Anakaipereka ndi manja awiri. A Chakufwa anaiwerenga mpaka pansi, anaipinda kanayi, anawerama n'kuilowetsa pansi pa mwendo wa tebulo la sikelo limene linkagwedera.

"Tikakumana komweko," anatero.

Felesita sanafune munthu womuwerengera masiku. Pofika pa 14 Meyi mpunga ukanakhala utamwetedwa, uli m'matumba, nsanja zitaphwasulidwa. Pofika tsikulo Hope akanakhala atachira kale, kaya kuchipatala kaya pangolo. A Chakufwa zonsezi ankazidziwa, n'chifukwa chake kalata ya boma inasanduka chochirikizira tebulo.

M'mawa mwake anakwera nsanja yake mtima uli thi. Kuchokera pansanja iliyonse pankachoka zingwe zopita kumakona onse a ndime, ndipo pazingwezo pankalendewera zitini zokhala ndi timiyala m'kati. Mpunga unali pa mkaka, nthawi imene mpheta zimaukonda kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa zimangofinya njere n'kuyamwa, n'kusiya mankhusu oyera. Pansanja yoyandikana naye panali Elizabeti, mtsikana wokwatiwa kumene amene ntchitoyi anaiyamba chaka chomwecho. Ameneyu ankagwedeza zingwe osapumira, thukuta lili kamukamu, koma mpheta zinali phee kudya, zina zitatera pachingwe chomwecho n'kumasangalala ndi katungwe.

"Iwe Eliza!" anakuwa Felesita. "Ndinakuuza chiyani? Usamangogwedeza ngati ukusefa ufa. Phokoso losalekeza mpheta zimalizolowera. Uzikhala duu, uzizisiya zibwere, zikati zitere ndiye ukoke kamodzi kokha, mwamphamvu. Mbalame imathawa chimene yadzidzimuka nacho."

Atangomaliza kunena zimenezo, Felesita anayang'ana chingwe chimene chinali m'manja mwake. Anaona nkhope ya a Chakufwa kuseri kwa kauntala ikuti ndamva, amake Hope, ndamva. Anaseka yekhayekha pansanjapo, kuseka kwa munthu wopsa mtima, mpaka Elizabeti anadabwa kuti kapena mayiwo dzuwa lawalowa m'mutu.

Masana mbalame zikabwerera kumabango kukabisala dzuwa, amayiwo ankasonkhana pansi pa nsanja imodzi kudya chinangwa. Felesita sanadikire kuti amalize kutafuna.

"Anzanga, abwana atizolowera. Takhala tikuwagwedezera zitini miyezi iwiri ndi theka, iwo ali phee kudya. Mawa pansanja zawo pasakwere munthu."

Kadzuwa, mayi wamkulu mwa onse, amene ankalera zidzukulu zinayi, anapukusa mutu. "Nanga mpunga ukadyedwa adzatilipira ndi chiyani?"

"Kodi golosale ija nayonso mpheta zimadya? Nanga bala?"

"Adzatiitanira apolisi."

"Pa mlandu wanji? Sitidula chingwe, sitithyola ngala. Ndiponso sitikhala kunyumba ayi, angatinene ulesi. Kuno tibwera m'mamawa monga mwa masiku onse. Onani agogo a Namaliya apo, akulimbana ndi mpheta okha ndi maso awo osaona bwino aja. Onani ndime zing'onozing'ono zonsezi zozungulira munda wa abwana. Tikawathandize eni ake mwaulere. Zaulere tinazizolowera kale."

Amayiwo anayang'anizana. Aliyense wa iwo ankadziwa chimene chimachitika pamene dambo lonse likuchita phokoso, malo amodzi okha ali zii. Elizabeti ndiye anayamba kuseka, atagwira pakamwa.

Kutacha, dambo linadzuka monga mwa nthawi zonse, zitini zikulira uku ndi uko, anthu akukuwa, malegeni akuponya zibuluma. Koma pakati penipeni, m'ndime za a Chakufwa, munalibe chogwedezeka. Nsanja zisanu ndi imodzi zinangoima zopanda anthu. Mpheta zothamangitsidwa kwa a Namaliya zinkakwera m'mwamba, kuzungulira kamodzi, n'kutsikira m'Kilombero wa abwana. Zothamangitsidwa kwina zinkachitanso chimodzimodzi. Pofika nthawi imene ana amalowa m'kalasi, mpunga wa a Chakufwa unali ukuweyuka ngati mukudutsa mphepo, chonsecho kunalibe mphepo.

Tisanamizane, Felesita zinamupweteka. Mpunga umenewo anauwokera ndi manja ake, phesi limodzilimodzi, msana uli chowerama, misundu ikumuluma m'miyendo. Kuuona ukudyedwa iye ataima pamgula wa ndime ya eni kunamuvuta ngati kuona mbuzi ikudya ufa pamphasa iwe uli pomwepo. Kawiri konse pakamwa panatseguka pokha kuti akuwe, ndipo kawiri konse anadziluma mlomo n'kutembenukira kundime ya a Namaliya.

Alick anafika dzuwa litakwera. Anavula magalasi kuti aone bwino, ndipo ataona anathamanga. Anakwera nsanja yoyamba n'kukoka zingwe, mpheta zinasamukira ku yachiwiri. Anathamangira ku yachiwiri, zinabwerera ku yoyamba. Atatopa anabwera pamgula akupuma wefuwefu.

"Mayi, n'chiyani chimenechi? Kwerani msanga!"

"Tamva, a kapitawo, tamva," anayankha Felesita mofatsa. "Mawa."

Madzulo a tsikulo nzeru za abwana zinafika pangolo: chimkuzamawu chachikulu cha kubala, ndi batire yake. Anachiika pansanja ya pakati n'kutsegula nyimbo mpaka mapeto. Mpheta zinabalalikadi, ndipo Alick anayang'ana amayiwo monyada. Nyimbo yachitatu isanathe zinabwerera, ndipo pofika yachisanu zina zinali zitatera pamwamba pa chimkuzamawucho n'kumakonza nthenga. Elizabeti anamanga chitenje m'chiuno n'kuvina pang'ono pamgula, poti nyimbo zaulere sizibwera kudambo tsiku lililonse. Aganyu ena Alick anawafunafuna m'midzi, koma nyengo imeneyo aliyense amakhala pandime yake, ndipo ochepa amene anapezeka anafunsa funso limodzi lokha, loti amayi aja analipidwa kodi.

Tsiku lachiwiri Felesita anachoka kunyumba mtima uli m'mwamba. Hope anadzuka akudandaula msana, ndipo ankayenda atagwira khoma. Anati si kanthu, koma mayi ake anaona mmene ankalumira mano. Tsiku lonse Felesita ankangocheukira njira ya kumudzi, kuopa kuona munthu akuthamanga kudzamuitana.

Amene anabwera anali a Chakufwa eni ake, dzuwa litapendeka. Anatsika panjinga yamoto ya Alick atavala nsapato zopita nazo kubanki, ndipo kumbuyo kwa njingayo kunali kutamangidwa beseni lofiira latsopano. Anayenda pamgula mosamala, anathyola ngala imodzi, anaifikisa m'manja. Munatsala mankhusu okhaokha. Kenaka anakodola Felesita kuti abwere pambali.

"Amake Hope," anatero motsitsa mawu, ndipo kanali koyamba kumuyang'ana m'maso. "Ine ndi inu tisadane. Za mwana wanu ndikuzidziwa, nanenso ndine kholo. Zanu zonse ndi izi, ndawerenga kale. Beseni ilo ndi mphatso. Ingokwerani pansanja, enawa akakuonani akwera okha. Zawo tidzaona mpunga ukagulitsidwa."

Ndalamazo zinali pomwepo, zopindidwa, zomangidwa ndi kamphira. Felesita anaziyang'ana, anayang'ana beseni, ndipo anaona Hope atagwira khoma. Anazifuna ndalamazo, anazifuna kwambiri. Akanangotambasula dzanja, mwana wake akanagona ku Mua tsiku lomwelo. Anachita mantha kuti akakana, ndipo usiku matenda n'kuyamba, sadzadzikhululukira mpaka kumanda.

Anatembenuka n'kukuwa ndi mawu ake osasa aja, amene ankamveka mpaka kumabango.

"Eliza! A Kadzuwa! Nonse bwerani kuno, abwana abwera ndi malipiro athu!"

"Mayi inu, ndati zanu zokha!" ananong'oneza a Chakufwa mokalipa.

Amayiwo anafika akuthamanga, ndipo ataona kampukutu kamodzi ndi beseni limodzi anamvetsa zonse popanda wowafotokozera. Kenaka Kadzuwa anayandikira n'kugwira Felesita pamkono.

"Landirani, amake Hope," anatero chapansipansi. "Mwana ali pangozi. Ife sitikuimbani mlandu."

Mawu amenewo ndi amene anatsala pang'ono kumugwetsa, chifukwa ananenedwa mwachikondi ndi munthu amene kwawo zidzukulu zinkagonera maungu. Misozi inalengeza, koma anaibweza.

"Abwana," anatero, "nsanja zanu zilipo zisanu ndi imodzi, ine khosi ndili nalo limodzi. Amene anazulira mpungawu ndi anthu asanu ndi mmodzi. Mukalipira, mulipire onse. Mukapanda kutero, bwezani m'thumba."

"Mukudziwa kuti ndikhoza kukumangitsani?"

"Kaitaneni apolisiwo. Adzaone zingwe zanu zili zonse, zitini zanu zili zonse. Akafunsa kuti tinasiyiranji ntchito, tidzawatengera kugolosale akawerenge kalata ili pansi pa tebulo la sikelo."

A Chakufwa anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma a Namaliya, amene anali atamva kale mkokomo, anakuwa kuchokera pandime yawo, akuloza kumabango. Gulu lalikulu la madzulo linali likubwera, lija limene oingitsa mbalame onse amalidikira ataimirira. Linadetsa kumwamba, linakhota pamwamba pa ndime zaphokoso, n'kukhuthukira lonse m'munda wa a Chakufwa. Kunamveka kusokosera kwa timilomo zikwizikwi.

Bambo wamkulu uja anaiwala ulemu wake. Anathamangira chingwe chapafupi n'kuyamba kuchigwedeza ndi manja onse awiri, akukuwa mawu osadziwika. Phazi linaterereka pamgula, nsapato ya kubanki inamira m'matope mpaka m'bondo. Mpheta za pafupi zinangosuntha pang'ono n'kupitiriza kudya.

"Alick!" anakuwa. "Thamanga kugolosale! Uwauze alamu ako atsegule kabati, akupatse zonse zili m'chitini cha bisiketi. Thamanga!"

Njinga yamoto italira n'kuzimiririka, a Chakufwa anatembenukira amayiwo, manja ali pachifuwa.

"Mwaona nokha, ndalama zikubwera. Chonde kwerani tsopano. Taonani mmene ukuthera mpunga!"

Felesita anakhala pansi pamgula, anatambasula miyendo, n'kukonza chitenje chake.

"Ife tadikira miyezi iwiri ndi theka, abwana. Inu dikirani Alick."

Anzake anakhala pansi pambali pake, mmodzimmodzi. Kuchoka kudamboko kukafika pa Golomoti ndi kubwerako si patali pa njinga yamoto, koma a Chakufwa ulendo umenewo anauona kutalika. Anayendayenda, anaponya zibuluma, anaimba foni katatu kufunsa Alick kuti wafika pati.

Alick atabwera, malipiro anaperekedwa pomwepo, pamgula, eni ndime zoyandikana akuonerera. Felesita analandira pomalizira, ataona kuti Kadzuwa wamanga zake pamfundo ya chitenje. Kenaka anakwera nsanja yake osathamanga, anasonkhanitsa zingwe zonse m'dzanja limodzi, anadikira kuti anzake afike pansanja zawo. Anakweza mkono, ndipo onse anakoka nthawi imodzi, akukuwa. Munda wonse unaphulika, mpheta zinanyamuka ngati utsi n'kubwerera kumabango osacheuka.

Anatsika n'kupereka zingwe zake kwa Alick.

"Izi zikhala zanu, a kapitawo, ine ndikupita ku Mua. Musamangogwedeza. Eliza akuphunzitsani." Anapita panjinga yamoto n'kumasula beseni lija. "Ili ndi ndalama zingati, abwana?"

"Ndati ndi mphatso," anayankha a Chakufwa mofooka.

"Mdzukulu wanga sasambira m'beseni la mphatso yanu. Nenani mtengo."

Ananena mtengo. Felesita anapereka ndalama yaikulu n'kusiya dzanja lili chitambasulire. A Chakufwa anapapasa m'matumba, chenji sichinapezeke, ndipo mlomo wawo unayamba kupanga mawu aja anawazolowera oti mawa. Atayang'ana nkhope ya mayiyo anawameza, n'kubwereka chenjicho kwa Alick.

Hope anagona kuchidikiro tsiku lotsatira, ndipo anangokhalako masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa anamulowetsa m'chipinda chochirira, Felesita n'kutsala pakhonde, beseni lofiira lili pamiyendo. Anakhala pamenepo maola anayi, khutu lili kuchitseko, akukumbukira bata la pangolo paja. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, m'katimo munamveka kulira kwa khanda, kwamphamvu, kwaukali, kosalekeza.

Felesita anaimirira, beseni linagwa pansi n'kugubuduka. Anayesa kuimba nthungululu, koma khosi lake losasa lija linangotulutsa phokoso limene linaulutsa mpheta zimene zinkatola nyenyeswa pabwalo la chipatala. Amayi a pakhondepo anaseka, iye osasamala. Anaimbanso kachiwiri, misozi ikutsikira m'masaya.